Misi iwiri mumtondo umodzi: mbiri ya helikopita ya Chinook

Imayamba kumveka isanaoneke. Kulira kwake n'kolemera, ngati munthu akukutumula bulangete lonyowa, moti asilikali a ku Britain anachita kuipatsa dzina loti Wokka potengera phokosolo. Ikatulukira pamwamba pa mitengo, woiona koyamba amadabwa: chithupi chachitali ngati basi, chikupizo chachikulu kutsogolo, chinanso chofanana nacho kumbuyo, ndipo kumchira kulibe kachikupizo kakang'ono kamene tinazolowera pa mahelikopita ena. Imeneyi ndi CH-47 Chinook ya kampani ya Boeing. Inauluka koyamba pa 21 Seputembala 1961, chaka chomwe Yuri Gagarin anazungulira dziko lapansi, ndipo mpaka lero fakitale ya ku Ridley Park, kufupi ndi mzinda wa Philadelphia, ikupangabe zatsopano. Ndege zankhondo zambiri za msinkhu wake zinapita kale kunyumba zosungirako zinthu zakale. Chinsinsi cha moyo wake wautaliwu chili pa zikupizo ziwirizo, ndipo ngozi zake zoopsa kwambiri zinachokeranso pomwepo.

Vuto limene aliyense wopanga helikopita amayamba kulimbana nalo mungaliyese nokha muofesi. Khalani pampando wozungulira uja, nyamulani mapazi, kenako potokolani mapewa mwamphamvu kumanja. Mpando uthawira kumanzere. Helikopita imachitanso chimodzimodzi: injini ikamazunguza chikupizo mbali ina, thupi la ndege limafuna kuzungulira mbali inayo. Igor Sikorsky anathana nalo poika kachikupizo kumchira koti kazikankha mchirawo kuti usathawe, ndipo mahelikopita ambiri padziko anatsatira nzeru yakeyo. Koma kachikupizoko kamadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya injini popanda kunyamula ngakhale kilogalamu imodzi. Kamavutikanso mphepo ikamawomba cham'mbali, ndipo kakagunda mtengo potera, ndege yonse yapita.

Njira ina n'kuika zikupizo ziwiri zazikulu zozungulira mosemphana, kuti kupotokola kwa china kuzithetsedwa ndi kwa chinzake. Mphamvu yonse imapita kukunyamula. Palinso phindu lina limene anthu onyamula katundu amalidziwa bwino. Munthu mmodzi akasenza mtengo wautali pamutu ayenera kupeza pakatikati penipeni, apo ayi umupendekera. Anthu awiri akaunyamula paphewa, wina kutsogolo wina kumbuyo, mutha kukolekapo thumba paliponse pakati pawo ulendo n'kumapitirira. N'chifukwa chake asilikali amatha kuthamangira mu Chinook n'kukhala paliponse, kapena kulowetsamo galimoto, popanda kuyeza kwambiri kuti kulemera kwagwera pati.

Woyamba kuulutsa helikopita ya zikupizo ziwiri, china kutsogolo china kumbuyo, anali Nicolas Florine, katswiri wobadwira mu ufumu wa Russia amene ankagwira ntchito ku Belgium, mu 1933. Koma amene anaisandutsa chinthu chogwira ntchito ndi Frank Piasecki, mwana wa telala wochokera ku Poland, wobadwira ku Philadelphia mu 1919. Mu 1945, asanakwanitse zaka 26, anaulutsa helikopita ya zikupizo ziwiri yomwe asilikali apamadzi a ku America anaitcha HRP. Thupi lake linali lokhota pakati kuti chikupizo chakumbuyo chikhale pamwamba pa chakutsogolo, ndiye anthu anangoti ndi nthochi youluka, dzina n'kukanirira. Mng'ono wake, H-21, anauluka mu 1952. A French anaigwiritsa ntchito pankhondo ya ku Algeria, ndipo a America anapita nayo ku Vietnam kumapeto kwa 1961. Inali ya injini imodzi ya mapisitoni, yolemera, yofooka kukatentha. Pankhondo ya ku Ap Bac pa 2 Januwale 1963, zinayi zinagwetsedwa tsiku limodzi.

Mayiko ena anayesanso. Soviet Union inali ndi Yak-24, Britain inali ndi Bristol Belvedere, koma zonse ziwiri sizinakhalitse. Ngakhale Piasecki mwiniwake sanakhalitse pakampani yake: anasemphana ndi eni ndalama mu 1955 n'kuchoka, kampaniyo inasintha dzina kukhala Vertol mu 1956, ndipo Boeing inaigula mu 1960. Choncho Chinook ndi mdzukulu wa Piasecki wobadwa agogo atasamuka kale pamudzi.

Chimene chinasintha zonse ndi injini ya turbine, yopepuka koma yamphamvu kuposa ya mapisitoni. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, gulu lankhondo lapamtunda la America linkafuna cholowa m'malo mwa CH-37 Mojave. Vertol inali ndi ndege yotchedwa V-107, koma akuluakulu ataiyesa anaona kuti yakula kwambiri pa ntchito yothira nkhondo, komanso yachepa pa ntchito yonyamula katundu. Imeneyo inapita kwa asilikali a Marines n'kukhala CH-46 Sea Knight, imene anthu ambiri mpaka lero amaisokoneza ndi Chinook akaiona pazithunzi. Gulu lapamtunda linaitanitsa yaikulupo, ndipo mu 1962 inapatsidwa nambala yoti CH-47A. Dzina loti Chinook ndi la mtundu wa anthu eni nthaka a m'mbali mwa mtsinje wa Columbia, kumpoto chakumadzulo kwa America, potsatira mwambo wa gululi wotcha mahelikopita ake mayina a mitundu imeneyi. Ena amati ndi ulemu, ena amati n'kutonza, poti gulu lomwelo ndi limene linalanda malo a mitundu yambiri yotereyi. Injini zake, Lycoming T55, zinapangidwa motsogozedwa ndi Anselm Franz, yemwe pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anapangira Germany injini ya jeti ya Jumo 004.

Okonza mapulani anaika chilichonse kunja kuti m'kati mukhale bokosi lopanda chotchinga. Injini ziwiri zili pamwamba kumbuyo, matanki a mafuta ali m'mbali, ndipo kumbuyo kuli chitseko chotsika pansi ngati cha lole yonyamula ng'ombe. Muli mipando ya asilikali 33, kapena malo a machira 24 a ovulala. Pansi pa mimba pali mbedza, ndipo pa mitundu yatsopano zilipo zitatu. Yapakati imatha kunyamula matani opitirira 11, kuposa matumba 200 a chimanga a makilogalamu 50. Chikupizo chilichonse n'chotambalala mamita 18, ndipo kuchokera kunsonga ya phiko lakutsogolo kukafika kunsonga ya lakumbuyo ndi mamita 30. Ndi kukula konseku imathamanga makilomita pafupifupi 300 pa ola, moti m'masiku ake oyambirira mahelikopita onyamula mfuti oiperekeza ankavutika kuitsatira.

Tsono werengani bwino manambalawo. Zikupizo ziwiri za mamita 18 zikanafuna mamita 36, koma malo alipo 30 okha. Ndiye kuti zimalowerana pakati. Chilichonse chili ndi mapiko atatu, ndipo phiko la kutsogolo limadutsa pampata umene mapiko a kumbuyo angousiya kumene, maulendo 225 pa mphindi iliyonse. Amene anaonapo amayi awiri akusinja mumtondo umodzi wamvetsa kale nkhaniyi: musi wina ukukwera, wina ukutsika, ndipo mmodzi akangophonya kamodzi, misi iwombana. Chimene chimasunga kayendedwe kameneka mu Chinook ndi shafuti, ndodo yaitali yachitsulo yozungulira, yodutsa pamsana pa ndege, yolumikiza magiyabokosi asanu. Injini zonse ziwiri zimathira mphamvu mu giyabokosi imodzi yapakati, ndipo iyo imagawira zikupizo zonse. Injini imodzi ikazima, inayo imazunguzabe zonse ziwiri. Koma shafutiyo kapena giya imodzi ikathyoka, palibe luso la woyendetsa limene lingapulumutse munthu.

Kayendetsedwe kakenso n'kachilendo. Pofuna kuweramitsa mphuno, chikupizo chakumbuyo chimawonjezera kunyamula pomwe chakutsogolo chikuchepetsa. Pokhota pamalo amodzi, china chimapendekera kumanja china kumanzere, ndipo woyendetsa waluso amatha kuizunguza ngati chitseko, mphuno kapena mchira utaima pamodzimodzi.

Ku Vietnam inafika mu 1965 ndi gulu la 1st Cavalry Division, ndipo ntchito imene inatchuka nayo ndi yokweza mizinga ya mamilimita 105 pansonga za mapiri kumene kulibe msewu, kenako n'kumaidyetsa zipolopolo tsiku ndi tsiku. Inkatolanso ndege zogwetsedwa, masauzande ambiri, n'kuzibweza kuti zikakonzedwe. Si zonse zinali zachifundo: inkaponyanso migolo ya utsi wokhetsa misozi ndi ya napalm, ndiponso inkasamutsa midzi yathunthu anthu asakufuna. Anayesa kupanga zinayi zodzaza ndi mfuti, ACH-47A, koma zitatu zinawonongeka ndipo ganizolo linathera pomwepo. Chinook ndi lole, si kambuku. Pa nkhondo yonseyo ma Chinook pafupifupi 200 anatayika, ena ndi zipolopolo, ena ndi ngozi.

Nkhani imodzi ya masiku omwe Saigon, likulu la South Vietnam, inkagwa ndi yosaiwalika. Pa 29 Epulo 1975, woyendetsa ndege wa ku South Vietnam, Ba Van Nguyen, anakweza banja lake ndi anthu ena mu Chinook n'kulunjika kunyanja. Anapeza sitima yankhondo ya USS Kirk, koma inali yaing'ono moti sakanaterapo. Anaimika ndege m'malere pamwamba pa sitimayo, anthu n'kumadumpha mmodzimmodzi, khanda lake akuchita kuliwakha amalinyero. Atatsala yekha anapita pambali, anavula zovala zolemera uku akuyendetsa, anapendeketsa ndege mbali ina, iye n'kudumphira mbali inayo. Anamuvuula wamoyo.

Komabe Chinook yodziwika kwambiri ndi ya ku Britain. Mu 1982, Argentina italanda zilumba za Falklands, a Britain anakweza ma Chinook anayi pa sitima ya katundu ya Atlantic Conveyor. Dongosolo lonse la nkhondo yapamtunda linadalira ndege zinayizi, kuti zidumphitse asilikali kuchokera ku San Carlos, kumene anakocheza, kukafika kufupi ndi Stanley, likulu la zilumbazo. Pa 25 Meyi sitimayo inaphulitsidwa ndi mizinga ya Exocet, anthu 12 anafa, ndipo ma Chinook atatu anapsera momwemo limodzi ndi zipangizo zosinthira, masipanala, mafuta ofewetsera ndi mabuku a amakaniko. Imodzi yokha, ZA718, yodziwika ndi zilembo zake kuti Bravo November, inapulumuka chifukwa nthawi imeneyo inali m'mwamba. Asilikali ambiri anayenda pansi makilomita pafupifupi 90 m'madambo ozizira, katundu ali kumsana.

Ndege imodzi yotsalayo inagwira ntchito ya zinayi popanda chosinthira chilichonse. Usiku wa pa 30 Meyi, itatula mizinga itatu pa phiri la Kent, inalowa m'chipale chofewa pobwerera, oyendetsa osaona kanthu, mpaka inamenya madzi ikuthamanga makilomita opitirira 180 pa ola. Madzi analowa m'mainjini, wothandizira woyendetsa anataya chitseko chake pokonzeka kuthawa, koma ndegeyo inadzuka n'kubwerera kwawo yopanda chitseko. Patangopita masiku ochepa inanyamula asilikali 81 ulendo umodzi kuchokera ku Goose Green kupita ku Fitzroy, onse ali chiimire, othinana ngati m'basi ya madzulo. Nkhondo isanathe inali itanyamula asilikali pafupifupi 1,500, akaidi 650 ndi katundu wokwana matani 550. Woyendetsa wake, Dick Langworthy, analandira mendulo ya Distinguished Flying Cross.

Chaka chomwecho dziko linaona mbali ina ya misi iwiri ija. Pa 11 Seputembala 1982, mzinda wa Mannheim ku Germany unkachita chionetsero cha ndege, ndipo Chinook ya asilikali a America inanyamula anthu odumpha ndi maparachuti ochokera ku Britain, France ndi Germany. Ili m'mwamba, oyendetsa anamva kuti china chake sichili bwino ndipo anayamba kutsika. Asanafike pansi, zikupizo zinawombana, ndege inagwera pamsewu waukulu anthu akuonerera, ndipo onse 46 anafa. Ofufuza anapeza chinthu chomvetsa chisoni chifukwa cha kuchepa kwake. Potsuka magiyabokosi ankagwiritsa ntchito makoko operapera a mtedza wa walnut, ndipo zotsalira zake zinatseka timabowo todutsa oyilo mu giyabokosi yakutsogolo. Mabeyaring'i anauma n'kupsa, shafuti inasiya kugwira.

Pa 6 Novembala 1986 zinachitikanso kufupi ndi Sumburgh ku zilumba za Shetland. Mtundu wa anthu wamba wa Chinook, Boeing 234, unkachokera ku zitsime za mafuta za Brent ndi anthu 47. Giya ya mu giyabokosi yakutsogolo inathyoka, mapiko anagundana, anapulumuka awiri okha. Pambuyo pake kampani ya ku Britain imene inkaziyendetsa inasiya kuzigwiritsa ntchito ponyamula anthu kupita kuzitsime za m'nyanja ya North Sea. Zotsalazo zinapita kokakoka mitengo m'nkhalango ndi kukazimitsa moto. Ngozi ya ku Mull of Kintyre ku Scotland pa 2 Juni 1994 inali ya mtundu wina: anthu 29 anafa, ambiri mwa iwo akuluakulu a zaukazitape a ku Northern Ireland, ndege itawomba phiri mu nkhungu. Akuluakulu a RAF, gulu lankhondo la m'mlengalenga la Britain, anaimba mlandu oyendetsa awiri omwe anafera pomwepo, ngakhale panali madandaulo okhudza pulogalamu ya kompyuta yoyendetsa injini za mtundu watsopanowo. Mabanja awo anamenya nkhondo zaka 17 mpaka boma linachotsa mlanduwo mu 2011.

Oyendetsa ndi amakaniko ake ali ndi nthabwala yakale yoti Chinook ikasiya kudontha oyilo ndiye kuti oyilo watha. Kuseka kwake kuli ndi mantha pang'ono m'kati.

Mu Africa muno yapondamo kangapo. Libya, Morocco ndi Egypt anagula zawo, zambiri zopangidwa ku Italy ndi chilolezo cha Boeing. Mu Juni 1988, asilikali a America anachita chinthu chonga kuba kwa usiku ku Chad: a Libya atagonja anasiya helikopita yankhondo ya ku Soviet Union, Mi-25, pabwalo la Ouadi Doum m'chipululu, ndipo ma Chinook awiri anauluka makilomita pafupifupi 800 mumdima kuchokera ku N'Djamena, imodzi n'kuikoleka kumimba kubwerera nayo kuti akatswiri akaisuzumire m'kati. Ku Sierra Leone, pa 10 Seputembala 2000, ma Chinook a Britain anatsitsa asilikali mbandakucha pamudzi wa Gberi Bana kukapulumutsa anzawo ogwidwa ndi gulu la zigawenga la West Side Boys. Ndipo kuyambira 2018, atatu a RAF anakhala zaka zingapo ku Gao, m'dziko la Mali, akunyamulira asilikali a France, amene alibe helikopita yaikulu chotere.

Afghanistan ndi kumene ndege yokalambayi inakhalanso yofunika kuposa zatsopano. M'mapiri aatali mpweya ndi wopepuka, kukatentha umapepukiratu, ndipo zikupizo zimasowa chogwira. Helikopita ya Black Hawk, imene kunsi imanyamula asilikali 11, kumeneko inkanyamula ochepa kwambiri. Chinook, popeza siitaya mphamvu kumchira, inkakwerabe ndi katundu wake. Inkathanso kutera mwa njira imene inatchuka nayo: matayala akumbuyo okha pa thanthwe kapena padenga la nyumba, chitseko chotsika, thupi lonse likulendewera paphompho. A Britain anaisandutsa chipatala chouluka ku Helmand, dokotala akuthira magazi wovulala ndege ili m'mwamba. Koma kunyamula anthu ambiri kumatanthauzanso kutaya ambiri nthawi imodzi. Pa 28 Juni 2005 anafa 16 itawomberedwa ku Kunar, ndipo pa 6 Ogasiti 2011 roketi yonyamula paphewa, chida chotchipa kwambiri, inagunda phiko lakumbuyo la Chinook ina m'chigwa cha Tangi n'kupha anthu 38, ndipo 30 mwa iwo anali a ku America. Pa nkhondo yonseyo, America sinatayepo anthu ochuluka chotero pa chochitika chimodzi.

Kunja kwa nkhondo, ndi ndege yomwe imaitanidwa misewu ikaduka. Inanyamula chakudya ndi ovulala chivomezi chitagwedeza Kashmir mu Okutobala 2005. Pa 17 Malichi 2011, ma Chinook a Japan, opangidwa ndi Kawasaki, anathira madzi a m'nyanja pa malo opangira magetsi a nyukiliya a Fukushima. Mu Ogasiti 2019, damu la Toddbrook ku England litayamba kugumuka pamwamba pa tauni ya Whaley Bridge, Chinook ya RAF inasanja matumba mazanamazana a miyala pamalo ogumukawo, limodzi ndi limodzi.

Nanga bwanji sinalowedwe m'malo? Anayesa. M'zaka za m'ma 1970 Boeing inayamba kupanga chimphona chotchedwa XCH-62, koma ndalama zinadulidwa chisanauluke. Mmalo mwake anatenga ma Chinook akale opitirira 400, a mitundu ya A, B ndi C, anawaphwasula mpaka mafupa, n'kuwamanganso kukhala CH-47D, imene inayamba ntchito mu 1982. Ndege zina zimene zinamenya nkhondo ku Vietnam zinakaulukanso ku Iraq ndi ku Afghanistan, zikuyendetsedwa ndi anyamata obadwa pambuyo pake. CH-47F ya 2007 ili ndi makompyuta otha kuiimika m'malere payokha fumbi litaphimba maso a woyendetsa, mapiko ake salinso achitsulo, ndipo injini iliyonse imatulutsa mphamvu za akavalo opitirira 4,700, pomwe zoyambirira zinkatulutsa 2,200. Kunja ikuoneka ngati ya 1961, koma ikadzaza imalemera matani 22 ndi theka, pamene yoyamba ija inkalekezera pa matani 15. Ine ndimaona kuti chimene anakhoza anthu a Vertol si luso lodabwitsa ayi, koma kukula kwa bokosi: lokwanira gulu limodzi la asilikali, mzinga umodzi kapena galimoto imodzi, zinthu zomwe kukula kwake sikunasinthe kwenikweni m'zaka 60.

Zopangidwa zonse zapitirira 1,200, ndipo mayiko pafupifupi 20 ali nazo. India inagula 15, zimene zinayamba kufika mu 2019 ndipo zina zimagwira ntchito kumapiri a Himalaya. Mu 2022, miyezi yochepa Russia italowa mu Ukraine, Germany inasankha kugula 60. M'chaka chomwecho Bravo November, itatumikira zaka 40 ku Falklands, Iraq ndi Afghanistan, oyendetsa ake ena atatu atalandira mendulo yofanana ndi ya Langworthy, inapita kukapuma ku nyumba ya zakale ya RAF ku Cosford. Ulendo womalizawo sinauluke, anainyamula pa lole.